Kutsika mtengo kwa magalimoto a dizilo pambuyo pa mlandu wa Volkswagen

Kutsika mtengo kwa galimoto ndi kusiyana kwa ndalama zomwe munthu anagulira galimoto ndi zomwe angapeze akaigulitsanso. Nthawi zambiri mtengo umatsika chifukwa cha zaka ndi mtunda womwe galimoto yayenda. Koma kuyambira mu 2015, magalimoto ambiri a dizilo ku Ulaya ndi ku America anatsika mtengo ngakhale injini zake zinali bwinobwino. Chinachititsa ndi malamulo okhudza utsi komanso kutha kwa chikhulupiriro cha ogula.

Chiyambi cha mlandu

Pa 18 Seputembala 2015, bungwe la boma la United States loona za chilengedwe, EPA, linalengeza kuti kampani ya ku Germany ya Volkswagen inaika pulogalamu yachinyengo m'kompyuta ya injini za dizilo. Pulogalamuyi inkazindikira kuti galimoto ikuyesedwa, ndipo pa nthawiyo inkachepetsa mpweya woipa wa nitrogen oxide, womwe umawononga mapapo. Pamsewu, mpweyawu unkatha kuchuluka mpaka ka 40 kuposa mlingo wovomerezeka. Kampaniyi inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamuyi, kuphatikizapo a Audi, Škoda ndi SEAT. Mkulu wake, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo pa 23 Seputembala. Ku Ulaya magalimoto pafupifupi 8.5 miliyoni anaitanidwa kuti akakonzedwe.

Chipukuta misozi

Ku United States, mgwirizano wa 2016 wa madola 14.7 biliyoni unapatsa eni magalimoto mwayi wosankha kukonzetsa galimoto kapena kuibweza ku kampani. Obweza ankalipiridwa potengera mtengo wa galimotoyo mlandu usanadziwike, kuti asaluze. Ku Germany, bwalo lalikulu la milandu linagamula mu Meyi 2020 kuti wogula akhoza kubweza galimoto n'kulandira ndalama zake, koma atachotsapo za mtunda womwe wayenda. Ku England ndi Wales, kampaniyi inavomera mu 2022 kupereka mapaundi 193 miliyoni kwa anthu pafupifupi 91,000.

Malamulo a m'mizinda

Vutoli linakhudzanso magalimoto a dizilo a makampani ena. Mu Febuluwale 2018, bwalo la milandu la ku Leipzig linaloleza mizinda ya ku Germany kuletsa magalimoto akale a dizilo m'misewu ina. Hamburg inayamba chaka chomwecho, ndipo Stuttgart inatsatira mu 2019. Ku London, kuyambira mu Epulo 2019, galimoto ya dizilo yosafika pa mlingo wa Euro 6 imalipira mapaundi 12.50 pa tsiku ikayenda m'dera lotchedwa ULEZ. Galimoto yomwe singalowe mumzinda mwaulere imasowa ogula, choncho mwini wake amaitsitsa mtengo kapena kuigulitsa kwa amalonda otumiza magalimoto kunja. Lipoti la bungwe la UNEP la 2020 linasonyeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018, mayiko a ku Ulaya, Japan ndi United States anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndi yomwe inalandira ambiri.

Pa chipata cha Mwanza

Ena mwa magalimoto obwera m'Malawi amatsikira pa doko la Durban kapena la Beira, n'kudzera ku Tete ndi Zóbuè mpaka pa chipata cha Mwanza, kenako n'kulowera ku Blantyre kudzera pa Zalewa. Poti m'Malawi amayendetsa kumanzere kwa msewu, ambiri amachokera ku Japan, South Africa ndi Britain, komwe chiwongolero chimakhala kumanja. Ku Britain magalimoto pafupifupi 1.2 miliyoni anakhudzidwa ndi mlanduwu, pomwe ku Japan Volkswagen sinkagulitsa magalimoto a dizilo mu 2015.

Kutsika mtengo kwa ku Ulaya sikufika konse m'thumba la wogula wa kuno. Pa mtengo wogulira amawonjezerapo za sitima, za mayendedwe apamtunda, ndi msonkho womwe bungwe la Malawi Revenue Authority limatolera potengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Kugwa kwa ndalama ya kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso 44 peresenti mu Novembala 2023, kunachititsa kuti magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito akwere mtengo m'malo motsika.

Pogulitsanso, ogula a m'Malawi amayang'ana kwambiri kamwedwe ka mafuta, kupezeka kwa masipeya ndi amakaniko odziwa injiniyo. Injini zamakono za dizilo zili ndi sefa yogwira mwaye yotchedwa DPF, yomwe imatsekeka galimoto ikamayenda maulendo afupiafupi, ndipo yatsopano ndi yodula. N'chifukwa chake galimoto yaing'ono ya dizilo ya ku Ulaya, ngakhale itagulidwa motchipa ku Britain, imachedwa kupeza wogula poyerekeza ndi Toyota Hilux kapena Land Cruiser, zomwe masipeya ake amapezeka mosavuta ku Blantyre ndi ku Lilongwe.