Mankhwala omatira matayala

Mankhwala omatira matayala ndi madzi okhuthala omwe amathiridwa mkati mwa tayala kapena chubu kuti atseke kabowo kamene msomali, munga kapena waya waboola. Pa Chingerezi amatchedwa tyre sealant. Amagwira ntchito tayala lili chikhalire pa limu, kotero munthu safunika jeke kapena sipanala. Amagwiritsidwa ntchito pa magalimoto, njinga zamoto, njinga zakapalasa, mathirakitala ndi mawilibala. Ena amathiridwa tayala litabooka kale, ena amathiridwiratu lisanabooke. Pa galimoto, opanga matayala amawatenga ngati thandizo la kanthawi longomufikitsa woyendetsa kwa okonza, osati kukonza kwenikweni.

Mbiri

Matayala opopa mpweya anayamba kufala John Boyd Dunlop atapanga lake mu 1888 mumzinda wa Belfast. Mu 1891 kampani ya Michelin ya ku France inatulutsa tayala la njinga lotheka kuchotsa pa limu, ndipo kumata chubu kunaphweka. Kwa zaka zambiri chigamba ndi guluu ndiyo inali njira yodziwika yothana ndi kubooka.

Mu 1947 kampani ya BFGoodrich ya ku America inalengeza za tayala la galimoto lopanda chubu, lomwe ambiri amalitchula kuti tubeless. M'tayala lotere msomali ukalowa, mphira imaugwira mothina ndipo mpweya umatuluka pang'onopang'ono. Kabowo kotere ndi komwe mankhwala amadzimadzi amatha kutseka bwino.

Mankhwala obiriwira otchedwa Slime anayamba kupangidwa mu 1989 ku California, ndipo anayamba kutchuka pakati pa okwera njinga m'mapiri. Mu 1999 kampani ya Mavic inatulutsa malimu a njinga ogwira matayala opanda chubu, ndipo mu 2001 kampani ya Stan's NoTubes inayamba kugulitsa mankhwala a utomoni wa mphira othira m'matayala otere. Kuyambira zaka za m'ma 2000, opanga magalimoto ambiri anayamba kusiya kuikamo sipeya, n'kumaika botolo la mankhwalawa ndi pampu yamagetsi m'malo mwake.

Momwe amagwirira ntchito

Mpweya wa m'tayala umakhala wopanikizika, choncho pakapezeka kabowo umathamangira pomwepo kuti utuluke. Pothamangapo umakankha mankhwala aja kulowa m'kabowoko. Kuzungulira kwa tayala nako kumamwaza mankhwalawo kuti afike paliponse mkati mwa mbali yoponda pansi.

Pali njira ziwiri zomwe kabowo kamatsekekera. Yoyamba ndi ya mankhwala okhala ndi tiulusi ndi tizidutswa ta mphira toyandama m'madzi otchedwa glycol. Tiulusito timakodwa pakamwa pa kabowo, tizidutswa tating'ono n'kudzaza mipata yotsala, monga momwe zinyalala zimatsekera ngalande. Yachiwiri ndi ya mankhwala a latex, womwe ndi utomoni wa mphira. Wina umachokera ku mtengo wa Hevea brasiliensis, mtundu womwe umalimidwanso ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, ndipo wina umapangidwa m'mafakitale. Utomoniwu nthawi zambiri umasakanizidwa ndi ammonia kuti usaundane uli m'botolo. Ukafinyidwa m'kabowo n'kukumana ndi mpweya wakunja umaundana ngati magazi pabala, ndipo pamatsala kachigamba ka mphira.

Njira zonse ziwiri zili ndi malire. Bowo likakula kuposa mamilimita 6 pa tayala la galimoto, mpweya umangolavula mankhwala onse panja osatseka kanthu. Pa chubu malire ndi ochepa, pafupifupi mamilimita 3, chifukwa mphira ya chubu ndi yopyapyala ndipo imatanuka.

Mitundu

Mtundu woyamba ndi wa m'chitini chofayira, monga Fix-a-Flat. M'chitinimo mumakhala mankhwala ndi gasi wopanikizidwa. Chikalumikizidwa ku valavu, gasiyo amalowetsa mankhwala ndipo amapopanso tayala pang'ono, mokwanira kuti limu lichoke pansi.

Wachiwiri ndi wa botolo ndi pampu yamagetsi, womwe umabwera ndi magalimoto ambiri atsopano. Pampuyo imalumikizidwa ku soketi ya mavoti 12 ya m'galimoto, ndipo imakankha mankhwala pamodzi ndi mpweya mpaka tayala litakhuta.

Wachitatu ndi wothiriratu. Umakhala m'tayala kudikira tsiku lobooka, ndipo umagwiritsidwa ntchito kwambiri pa njinga, mawilibala, mathirakitala ndi makina ena oyenda pang'onopang'ono m'minda ndi pamalo a zomangamanga.

Palinso matayala omwe amachoka ku fakitale atapakidwa kale phula lomata mkati, monga ContiSeal a kampani ya Continental ndi Selfseal a Michelin. Phulali si lamadzi ndipo siliyendayenda m'tayala. Continental imati lake limatseka mabowo ofika mamilimita 5.

Kagwiritsidwe ntchito pa galimoto

Woyendetsa amaima pamalo otetezeka n'kuyang'ana pomwe pabooka. Ngati ndi m'mbali mwa tayala, kapena tayala lang'ambika, mankhwala sangathandize. Mabuku ambiri a magalimoto amalangiza kuti msomali usazulidwe, popeza umathandiza kutseka bowo.

Mankhwala akalowa ndipo tayala lapopedwa kufika pa mlingo wake, galimoto iyenera kunyamuka nthawi yomweyo kuti mankhwalawo amwazike. Ikayenda mphindi pafupifupi 10, mpweya umayesedwanso. Mabuku a Volkswagen amati mpweya ukapezeka uli pa 1.3 bar kapena kutsikirapo, ulendo usapitirire chifukwa bowolo silinatsekeke.

Liwiro lisapitirire makilomita 80 pa ola. Mtunda wololedwa umasiyana malinga ndi wopanga. Continental imalola makilomita 200, pomwe Slime ndi Fix-a-Flat amati tayala likonzedwe pasanathe masiku 3 kapena makilomita 160.

Ubwino wake

Ubwino waukulu ndi changu. Ntchito yonse imatenga mphindi zochepa ndipo safuna mphamvu. Munthu wachikulire, wolumala kapena amene sanasinthepo tayala amatha kudzithandiza yekha. Mabawuti omangidwa kwambiri kapena ochita dzimbiri, omwe amagonjetsa anthu ambiri pamsewu, sakhudzidwa n'komwe.

Chachiwiri ndi chitetezo. Kusintha tayala m'mphepete mwa msewu wodutsa magalimoto ambiri, usiku kapena mvula ikugwa, kumaika munthu pachiswe chogundidwa kapena kuchitidwa chipongwe ndi akuba. Jeke naye amatha kutsetsereka pa mchenga kapena pa matope. Mankhwalawa amachepetsa nthawi yokhala pamalo otere.

Chachitatu ndi kupepuka. Sipeya ndi jeke pamodzi zimalemera makilogalamu oposa 10 ndipo zimadya malo m'buti. Kuzichotsa kumapulumutsa mafuta pang'ono, ndipo m'magalimoto oyendera magetsi malowo amatengedwa ndi batire.

Mankhwala othiriratu ali ndi ubwino wina. Amatseka timabowo ta minga tayala likuyenda, nthawi zambiri mwini wake osadziwa n'komwe kuti linabooka. Kwa mlimi amene wilibala kapena thirakitala yake imaponda minga ya mthethe tsiku ndi tsiku, izi zimapulumutsa nthawi ndi ndalama zomatitsira.

Kuipa kwake

Mankhwalawa satseka chilichonse. Kuzungulira kwa tayala kumawaponyera ku mbali yoponda pansi, ndiye safika m'mbali mwa tayala kapena pomwe tayala limagwirana ndi limu. Tayala lophulika pa dzenje la pamsewu, limu lopindika ndi valavu yotha sizichira ndi mankhwala. Galimoto yopanda sipeya ikakumana ndi zotere imangodikira yodzaikoka.

Vuto loopsa kwambiri ndi lakuti amabisa kuwonongeka. Tayala likayenda lili lophwa, ngakhale mtunda waufupi, m'mbali mwake mumapindika ndi kutentha mpaka ulusi wa mkati kuduka. Kunja limaoneka labwinobwino ndipo mankhwala amatha kulisungitsa mpweya, koma likhoza kuphulika galimoto ili pa liwiro. Ndiponso bowo lomwe langotsekedwa ndi mankhwala limatha kulowetsa chinyezi ku mawaya a chitsulo a m'tayala, mawayawo n'kuchita dzimbiri.

Madzi akakhala ambiri m'tayala, kapena akaundana mbali imodzi, tayala limalemera mbali imeneyo. Zikatero chiwongolero chimanjenjemera galimoto ikathamanga ndipo tayala limatha mosalingana. N'chifukwa chake mankhwala othiriratu salangizidwa pa magalimoto ang'onoang'ono othamanga kwambiri.

Magalimoto ambiri atsopano ali ndi kachipangizo koyeza mpweya kotchedwa TPMS, komwe pa magalimoto ena kamakhala kuseri kwa valavu mkati mwa tayala. Ku America kanakhala lamulo pa magalimoto ang'onoang'ono onse atsopano mu 2007, ndipo ku mayiko a European Union mu 2014. Mankhwala amatha kutseka kabowo ka kachipangizoka n'kukalepheretsa kuwerenga. Opanga ambiri tsopano amalemba kuti mankhwala awo sakawononga, komabe kamafunika kutsukidwa pokonza tayala. Valavu nayo imatha kutsekeka, kupopa n'kumavuta.

Mankhwala ena akakhalitsa amadya limu, makamaka pomwe penti yasupuka. Amavutitsanso okonza, chifukwa chigamba sichimata pa mphira yonyowa ndi mankhwala. Tayala liyenera kutsukidwa ndi kuumitsidwa kaye, ndipo magalaja ena amalipiritsa ndalama zoonjezera kapena amakana kulikonza. Zitini zina, makamaka zakale, zimakhala ndi gasi woyaka monga propane ndi butane, yemwe akhoza kuphulika wokonza akamakwecha bowo ndi chitsulo n'kuthetheka moto. Mwini galimoto ayenera kuuza makaniko kuti m'tayala muli mankhwala asanayambe ntchito. Chitini chofayira sichiyeneranso kusiyidwa padzuwa m'galimoto yotseka.

Pomaliza, mankhwalawa amatha mphamvu. Botolo la m'galimoto limakhala ndi deti, ndipo nthawi zambiri limasungika zaka 4 kapena kuposerapo pang'ono. Botolo limodzi ndi la tayala limodzi, ndipo likagwiritsidwa ntchito pafunika kugula lina. Ena mwa mankhwalawa ali ndi ethylene glycol, yemwe ndi poizoni kwa ana ndi ziweto, ndipo a latex amatha kuyabwa anthu omwe thupi lawo siligwirizana ndi mphira.

Kusiyana kwake ndi kukonza kwenikweni

Bungwe la opanga matayala ku America, U.S. Tire Manufacturers Association, limati tayala la galimoto lakonzedwa moyenera pokhapokha litachotsedwa pa limu n'kuyang'anidwa mkati. Bowo lidzazidwe ndi mphira, kenako mkati mumatidwe chigamba. Kukonza kumaloledwa pa mbali yoponda pansi yokha, ndipo bowo lisapitirire mamilimita 6. Ku Britain muyezo wotchedwa BS AU 159 umanena zofanana ndi zimenezi. Mankhwala amadzimadzi sakwaniritsa zimenezi, popeza palibe amene waona mkati mwa tayala. Chingwe chomata chomwe okonza ambiri amalowetsa pabowo kuchokera kunja nacho sichikwaniritsa muyezowu pachifukwa chomwecho.

Pa njinga

Pa njinga zokhala ndi matayala opanda chubu nkhani ndi yosiyana, chifukwa mankhwala ndi mbali ya tayala lenilenilo. Amatseka timipata ta pakati pa tayala ndi limu komanso timabowo ta minga. Tayala lalikulu la njinga ya m'mapiri limafuna mamililita 60 mpaka 120, pomwe lowonda la pa tala limafuna 30 mpaka 60. Popeza mulibe chubu choti chipanidwe ndi limu, wokwera amatha kuchepetsa mpweya kuti tayala ligwire bwino pansi. Kuipa kwake n'kwakuti latex amauma. Stan's NoTubes imati ake amakhala miyezi 2 mpaka 7, ndipo kumalo otentha amauma msanga.

Njinga zambiri za m'midzi ndi za kabaza zimakhala ndi chubu. M'chubu mankhwala a tiulusi amatseka minga, koma satseka kung'ambika komwe kumachitika chubu chikapanidwa ndi limu pa mwala, vuto lofala pa njinga yonyamula katundu wolemera. Chubu chokhala ndi mankhwala chimavutanso kumata chifukwa madziwo amatulukira pabowo n'kulepheretsa guluu kugwira. Kumene okonza njinga amapezeka pamsika uliwonse ndipo chigamba n'chotchipa, mankhwalawa amapindulitsa kwambiri munthu woyenda maulendo ataliatali m'njira za minga.

Ku Malawi ndi Zambia

Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe amaitanitsidwa kuchokera ku Japan amafika opanda sipeya, ali ndi botolo la mankhwala ndi pampu pansi pa buti. Popeza magalimotowa amakhala atagwira kale ntchito zaka zingapo, deti la pa botolo limakhala litadutsa nthawi zambiri. Kuonjezera apo, maenje ndi miyala ya m'misewu imakonda kung'amba m'mbali mwa tayala, pomwe mankhwala safika, ndipo pakati pa tauni ndi tauni pamakhala mtunda wautali. Pa zifukwa zimenezi, wogula galimoto yotere amachita bwino kuwerenga deti la pa botolo, kuyesa ngati pampu ikugwira ntchito, ndi kugula sipeya ndi jeke asanayambe ulendo wautali.