Ng'oma za m'chilimwe kwa masisitere a Klara Woyera

Pa Misa ya chaka chathu cha jubili, ng'oma zidzalira, ana a Stella adzavina kutsogolo kwa mtanda, ndipo amayi adzaimba nthungululu popanda wowayang'ana ndi diso loipa. Achinyamata amaona ngati zakhala choncho chikhalire. Akuluakulu amene anabatizidwa parishi yathu isanabadwe akudziwa kuti sizinali tero. Pokumbukira zaka 50, ndi bwino titchuleko gulu limodzi limene linathandiza kutsegula njira imeneyi, ngakhale silituluka kunja kwa mpanda wake: masisitere a Klara Woyera a ku Lilongwe.

Wina angafunse kuti za ku Lilongwe zikulowa bwanji m'mbiri ya ku Chipata. Mpingo wathu ndi wa kumeneko ndi ana a mimba imodzi. Ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903, pamalire penipeni, ndipo dera lathu linali pansi pa bishopu wa Nyasa mpaka mu 1937, pamene Fort Jameson inapatsidwa ulamuliro wakewake. Inakhala dayosizi mu 1959, n'kutenga dzina la Chipata mu 1968. Mabuku a mapemphero ndi nyimbo ankachokera ku Likuni. Chimene chaimbidwa ku Lilongwe sichinkachedwa kuwoloka pa Mwami.

Masisiterewa si aja timawaona kusukulu ndi kuchipatala. Iwo ndi obindikira. Amatsata lamulo limene Klara wa ku Assisi analemba, limene Papa Innocent IV analivomereza pa 9 August 1253, patangotsala masiku awiri kuti Klara amwalire. Lamulolo n'lolimba: kukhala osauka kotheratu, kusala zakudya, kukhala chete, kugwira ntchito ya manja, ndi kusonkhana m'tchalitchi kangapo pa tsiku kuimba Masalimo. Anafika ku Lilongwe dziko la Malawi lisanalandire ufulu. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Amayi Veronica Le Goulard, Mfalansa amene anakulira ku Morocco m'banja losapemphera, n'kulowa usisitere ku Algiers. Kuno anapatsidwa dzina loti Namoyo, ndipo pambuyo pake anakatsogoleranso nyumba ya ku Lusaka.

Kalendala imene anabwera nayo inakonzedwa m'nyengo za ku Ulaya. Chaka cha Klara Woyera, pa 11 August, ku Italy chimagwa dzuwa likuswa mtengo. Kwathu kuno chimapeza chisanu chikutsazika, mphepo ikuulutsa fumbi, mitengo itayoyoka. Chilimwe chenicheni chimabwera ndi zaka zina. Pa 17 September amakumbukira mabala a Ambuye amene Fransisko Woyera analandira. Madzulo a pa 3 October amasonkhana kukumbukira imfa yake ya mu 1226, ndipo kukacha, pa 4 October, ndiye chaka chachikulu. Mwezi wonsewo ndi wa korona. Likadutsa tsiku la Oyera Onse, pa 1 November, ana a Fransisko amalowa m'nyengo yosala kufikira Khirisimasi.

Taganizani masiku amenewo mmene timawadziwira ife. Nyenje zikulira kuyambira m'mawa, malata akuthetheka, zitsime zatsika, ndiwo za kudimba zikufuna madzi kawiri pa tsiku. Munthu wovala mkanjo wautali ndi nsalu kumutu, amene sangathe kunena kuti ndikapitidwe mphepo kwa achibale, chilimwe amachimva ndithu. Koma ndandanda ya mapemphero sisintha chifukwa cha kutentha. Belu likalira masana, amasiya khasu kapena singano n'kulowa m'tchalitchi. M'mene anthu akumudzi akusosa ndi kupanga mizere, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa, masisitere nawo amakhala akupempherera mvula yomweyo. Masalimo onena za nthaka youma ndi mtima waludzu safuna womasulira mu October wa kuno.

Funso linali lakuti: chaka chikafika, atsikana Achichewa amene alowa m'nyumbayi asangalale motani pamaso pa Mulungu? Funsoli linali lolemera kuposa mmene likumvekera lero. Kwa zaka zambiri amishoni ankalimbana ndi Nyau, ndipo kwa Akhristu ambiri ng'oma inali chinthu cha kudambwe kapena cha kumowa. Mkhristu wopezeka kumeneko ankatha kuimitsidwa masakramenti. Misa inali ya Chilatini, anthu atagwada duu. Pa 4 December 1963, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha chipembedzo chimene chinalola zinenero za anthu, n'kunenanso kuti nyimbo za makolo m'maiko a mishoni zipatsidwe ulemu ndi malo ake. Koma kulola papepala ndi kwina, kuyamba ndi kwina. Ambiri ankaopa kuti tchalitchi chisanduka bwalo la gule.

Apa ndi pamene masisitere a ku Lilongwe anathandiza. Anayamba kupeka nyimbo za Chichewa pa maimbidwe a kumudzi, kuimba ndi ng'oma ndi visekese, ndi kuvina modekha pa mapemphero awo, mpaka mbiri yawo inamveka kunja kwa Malawi. Kunena zoona, anthu ena akanayamba zimenezi akanatsutsidwa msanga. Koma ndani akananena kuti amayi osala zakudya, okhala chete tsiku lonse, amene anasiya zonse, akuvina chifukwa chokonda zachisangalalo? Moyo wawo wa masiku wamba ndiwo unaikira umboni kuvina kwawo kwa pa chaka. Sanali okha pa ntchitoyi, pakuti makatekisiti, makwaya ndi ansembe ambiri anaikapo dzanja, koma iwo anaonetsa kuti ng'oma ndi ulemu zingathe kukhala m'nyumba imodzi.

Parishi yathu inabadwa mu nthawi ya Ambuye Medardo Mazombwe, amene anadzozedwa mu 1971 kukhala bishopu woyamba wa Chipata wobadwira konkuno. Inali nthawi imene miphakati inkayamba, ndipo nyimbo za Chinyanja zinali zitalowa kale m'Misa. Tinapeza nkhondo ya ng'oma ikutha, n'chifukwa chake ambiri a ife sitinaidziwe.

M'chilimwe chomwechi mulinso tsiku la masisitere ena amene timawadziwa bwino. Pa 1 October ndi chaka cha Tereza wa Mwana Yesu, amene nayenso anali wobindikira ku Lisieux, koma Mpingo unamusankha mu 1927 kukhala nkhoswe ya mishoni. Patangopita zaka ziwiri, mu 1929, Ambuye Mathurin Guillemé, bishopu wa Nyasa amene panthawiyo anali bishopu wathunso, anayambitsa chipani cha masisitere a Tereza cha atsikana a kuno. Iwowa ndi otumikira pakati pa anthu, ndipo chaka chawo amachita pamodzi ndi ana asukulu ndi odwala, kutangotsala masiku atatu kuti ng'oma za Fransisko Woyera zilire kuseri kwa mpanda ku Lilongwe.