Mizinda Iwiri pa Mtsinje Umodzi

M'dziko la Germany muli mtsinje waukulu, dzina lake Elbe. M'mbali mwa mtsinjewo muli mzinda wa Hamburg, umene uli ndi doko lalikulu la zombo za malonda. Kale, cha kumunsi kwa mzindawo, kunali mzinda wina wocheperako wotchedwa Altona. Mizinda iwiriyi inali yogundana, kotero kuti mlendo sakanadziwa pamene wina wathera ndi pamene wina wayambira, pakuti m'malo ena malire ake anali msewu chabe. Koma maboma ake anali awiri: Hamburg unkadzilamulira wokha, ndipo Altona unali pansi pa ufumu wa Prussia. Anthu a mizinda yonse iwiri ankamwa madzi a mu Elbe. M'chaka cha 1892 kunagwa mliri wa kolera, ndipo zimene zinaoneka pa malire a mizindayi zinaphunzitsa mitundu yambiri kasamalidwe ka madzi a mumzinda.

Madzi a ku Hamburg

M'chaka cha 1842 moto woopsa unatentha mbali yaikulu ya Hamburg. Pomanganso mzindawo, akuluakulu anapatsa ntchito mmisiri wa ku England, dzina lake William Lindley, kuti akonze mipope ya madzi ndi ngalande za pansi pa nthaka zochotsera nyansi. Madzi anayamba kuyenda m'mipope m'chaka cha 1848. Ankawatunga mu Elbe pa malo otchedwa Rothenburgsort, kumtunda kwa mzinda, nawasunga m'maiwe kuti matope atsike pansi, ndipo pambuyo pake makina ankawakankhira kunyumba za anthu. Madziwo sankasefedwa konse, kotero kuti nthawi zina m'mipope munkatuluka tinsomba ndi nyongolotsi.

Anthu ozindikira anachenjeza kuti mzinda umange masefa a mchenga, koma akuluakulu, amene ambiri a iwo anali eni malonda, anakangana zaka zambiri za mtengo wake ndi za amene adzalipire. Ndalama zambiri anazithira pa doko ndi pa nyumba zosungiramo katundu wa malonda. Pamene anavomera kumanga masefa, ntchito inayenda pang'onopang'ono, ndipo chaka cha 1892 chinafika isanathe.

Panalinso chifukwa china cha kuzengereza kumeneku. Dotolo wa ku Berlin, Robert Koch, anali atapeza kale kachilombo ka kolera pofufuza ku Egypt ndi ku India m'zaka za 1883 ndi 1884, naphunzitsa kuti kamayenda m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi cha odwala. Koma madotolo ambiri a ku Hamburg ankatsata chiphunzitso cha Max von Pettenkofer wa ku Munich, chakuti nthendayo imadza ndi mpweya woipa wotuluka m'nthaka. Kwa anthu oganiza chotero, kusefa madzi sikunali ntchito yofulumira nayo.

Madzi a ku Altona

Mzinda wa Altona unali pa malo oipa koposa. Madzi ake unkawatunga ku Blankenese, kumunsi kwa mizinda yonse iwiri, kumene mtsinje unali utalandira kale nyansi za anthu mazana a zikwi. Pozindikira ichi, eni ake anamanga masefa a mchenga amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1859.

Sefa yotere ndi dziwe lalikulu lomangidwa ndi njerwa. Pansi pake pamakhala ngalande zotulutsira madzi, pamwamba pa ngalandezo miyala, kenaka timiyala ting'onoting'ono, ndipo pamwamba pa zonse mchenga wosalala wokwanira bwino. Madzi a mumtsinje amalowa pamwamba natsika pang'onopang'ono kupyola mumchengamo. Pakapita masiku, pamwamba pa mchenga pamamera ndere zosakanikirana ndi matope, zooneka ngati nsalu yoterera. Munthu wosadziwa angayese kuti ndi litsiro chabe, koma nsalu imeneyi ndiyo imagwira tizilombo tambiri ta matenda. Ikakhuthala kwambiri, madzi amaleka kutsika. Pamenepo antchito amaphwetsa dziwelo napala pamwamba pa mchenga ndi mafosholo, ndipo sefayo siigwiranso bwino ntchito kufikira nsalu yatsopano itamera.

Mliri wa 1892

Chilimwe cha chaka chimenecho kunatentha kwambiri, ndipo madzi a mu Elbe anaphwera. Tsono mtsinjewu uli ndi khalidwe lake: kawiri pa tsiku nyanja yamchere ikadzaza, imakankhira madzi a mumtsinje m'mbuyo kufikira kupitirira Hamburg. Chotero nyansi zotayidwa mumtsinje zinabwerera kumtunda, nizifika pa malo otungira madzi a mzinda. Kuchokera pamenepo mipope yomwe inagawira nthendayo m'nyumba za anthu.

Odwala oyamba anaoneka pakati pa mwezi wa Ogasiti. Akuluakulu a mzinda anachita mantha kuti mbiri ikamveka, madoko a maiko ena adzakana zombo zawo. Chifukwa cha ichi anachedwa kulengeza kwa masiku angapo, ndipo masiku onsewo anthu anali kumwa madzi osaphitsa, osadziwa kanthu. Boma la ku Berlin linatumiza Robert Koch, amene anafika pa 24 Ogasiti. Pamenepo sukulu zinatsekedwa, anthu anauzidwa kuphitsa madzi, ndipo ngolo zinayenda m'misewu kugawa madzi ophitsa. Koma madzi akatayika saoleka. Anthu zikwi zambiri anathawa mumzinda, malonda a padoko anaima, ndipo zimene akuluakulu ankaopa zinawagwera ndithu. Mliri utatha, anawerenga odwala pafupifupi 17,000 ndi akufa oposa 8,600. Ambiri a iwo anali amphawi okhala mopanikizana m'tinyumba ta pafupi ndi doko.

Ku Altona zinthu zinali zina. Mwa anthu 1,000 alionse, ku Hamburg anafa 13, koma ku Altona anafa awiri okha, ndipo ambiri a odwala a kumeneko anali anthu ogwira ntchito ku Hamburg, amene ankamwa madzi a konko usana. M'misewu ya pamalire, nyumba za mbali imodzi zinali ndi maliro, za mbali inayo zili phee. Mpweya unali umodzi, nthaka inali imodzi, chosiyana chinali mpope wokha. Panalinso mdadada wina wa nyumba umene unali m'dera la Hamburg koma unkalandira madzi a ku Altona. Okhalamo anapulumuka onse, anzawo owazungulira ali kufa.

Sefa Ifuna Mlonda

Nkhani siinathere pamenepo. M'nyengo yozizira yotsatira, kumayambiriro kwa chaka cha 1893, kolera inaonekanso ku Altona, ngakhale kuti odwala anali owerengeka. Anthu anazizwa, popeza masefa anali pomwepo ndipo madzi ankaoneka oyera. Koch atafufuza anapeza kuti sefa imodzi inaonongeka ndi chisanu. Antchito anaiphwetsa ndi kuipala nthawi ya kuzizira kwakukulu, ndipo pamwamba pa mchenga wonyowawo panauma gwa. Atabwezeramo madzi, sanatsike mofanana ponseponse, koma anathamangira m'malo owerengeka, napyola ndi tizilombo tawo. Popeza madzi a masefa onse ankasakanikirana asanapite kumzinda, sefa imodzi yoipa inaipitsa madzi onse. Akale anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Momwemonso madzi oyera m'maso angathe kukhala ndi imfa m'kati.

Pa chifukwa chimenechi Koch anapereka malangizo kwa oyang'anira madzi, ndipo m'chaka cha 1894 boma la Germany linasandutsa ena mwa iwo malamulo. Loyamba, madzi asatsike mumchenga mofulumira kuposa masentimita 10 pa ola, ndiko kunena ngati kutambalala kwa chikhatho cha munthu. Lachiwiri, madzi a sefa iliyonse ayesedwe payokha tsiku ndi tsiku. Lachitatu, ngati m'mililita imodzi ya madzi, ndiyo madontho ngati 20, mupezeka tizilombo toposa 100, madziwo asayesedwe osefedwa bwino, ndipo sefa yolakwayo ipatulidwe kufikira itakonzedwa. Kuyambira pamenepo ntchito ya woyang'anira madzi siinalinso yoyendetsa makina okha ayi, koma yoyesa, yolemba m'buku, ndi yotseka mpope pamene chiwerengero chaipa, angakhale anthu adandaule kuti madzi achepa.

Zotsatira Zake

Akuluakulu a Hamburg, amene anazengereza zaka zambiri, tsopano anafulumiza ntchito, ndipo masefa a pa chilumba cha Kaltehofe anayamba kupereka madzi m'mwezi wa Meyi 1893. Mliri waukulu wa kolera sunabwerenso mumzindawo. Pambuyo pake anthu anapezanso chida china, ndicho mankhwala a kolorini ophera tizilombo, amene mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira m'madzi ake masiku onse m'chaka cha 1908. Altona unaphatikizidwa ndi Hamburg mwa lamulo la m'chaka cha 1937. Kuyambira 1964 Hamburg unaleka kumwa madzi a mu Elbe, nuyamba kudalira madzi a pansi pa nthaka okhaokha. Masefa a ku Kaltehofe anatsekedwa mu 1990, ndipo lero ndi malo okaonako za makedzana.

Koma kolera siinathe pa dziko lapansi. M'Malawi inapha anthu oposa 1,700 m'zaka za 2022 ndi 2023. Chotero mbiri ya mizinda iwiri ija ili ndi mawu kwa mzinda uliwonse umene uli ndi mipope. Hamburg unalira chifukwa unakana kumanga sefa, nubisa nthenda itafika. Altona unapulumuka chifukwa unamanga, komabe unalawako tsoka tsiku limene sefa imodzi inaonongeka wopanda wozindikira. Mayi wotunga madzi pampope sangaone kachilombo ndi maso ake. Iye amangokhulupirira kuti kumene madziwo achokera kuli munthu amene wawayesa m'mawa umenewo, ndi kuti akapeza choipa adzanena msanga, osaopa akuluakulu kapena kutayika kwa ndalama.