Nankafumbwe Wamkulu: Dzina Lake, Mtundu Wake ndi Kamuzindikiridwe Kake

Chimanga chikafumbwa, anthu ambiri amangoti chalowa anankafumbwe. Koma tizilombo toononga mbewu zosungidwa tilipo ta mitundu yosiyanasiyana, ndipo mankhwala opha mtundu wina sagwira ntchito mofanana pa mtundu unzake. N'chifukwa chake akatswiri amaika kachilombo kalikonse m'gulu lake ndi kukapatsa dzina lodziwika padziko lonse.

Mmene dzina limaperekedwera

Katswiri akapeza kachilombo kachilendo, amakayeza ndi makina okulitsa zinthu, n'kuyerekeza mutu, tinyanga, miyendo ndi mapiko ake ndi za tinzake todziwika kale. Akatsimikiza kuti n'katsopano, amasindikiza kafotokozedwe kake ndi kusunga kamodzi kouma m'nyumba yosungira zofufuza, kuti kakhale umboni wa mtunduwo. Dzina limakhala la Chilatini, la mawu awiri: loyamba la gulu, lachiwiri la mtundu. Njirayi anaikhazikitsa pa zinyama ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1758.

Mbiri ya nankafumbwe wamkulu

Nankafumbwe wamkulu ndi wa banja la Bostrichidae, la tizilombo toboola mitengo youma, ndipo kwawo ndi ku Mexico ndi Central America. George Henry Horn wa ku America ndiye anamufotokoza mu 1878, namutcha Dinoderus truncatus. Mu 1898 Pierre Lesne wa ku France anakhazikitsa gulu la Prostephanus, ndipo lero kachilomboka kamatchedwa Prostephanus truncatus.

Mu Africa kanayamba kuoneka m'chigawo cha Tabora ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenaka ku Togo mu 1984. Kuno ku Malawi kanalowera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Dzina lake litadziwika, akatswiri anadziwanso kwawo, ndipo kumeneko n'kumene anakatenga mdani wake, kachilombo kotchedwa Teretrius nigrescens kamene kamadya mazira ndi mphutsi zake. Mdaniyu anamwazidwa koyamba ku Togo mu 1991.

Zomusiyanitsa ndi anzake

Nankafumbwe wamkulu ndi wodera, wobulungira ngati kamtengo ka machesi, wotalika mamilimita atatu kapena anayi. Mutu wake umabisika kunsi kwa chifuwa, moti munthu akamuyang'ana cha pamwamba sauona. Kumbuyo kwake kumaoneka ngati kodulidwa ndi mpeni. Mawu akuti truncatus amatanthauza chodulidwa.

Nankafumbwe wamba, Sitophilus zeamais, ali ndi mlomo wautali wosongoka. Wina wa banja limodzi ndi wamkuluyu, Rhyzopertha dominica, ndi wocheperapo ndipo kumbuyo kwake n'kobulungira.

Chizindikiro chachikulu cha nankafumbwe wamkulu ndi ufa wambiri pansi pa matumba kapena nkhokwe. Amaononga kwambiri chimanga chosatonola ndiponso makaka. Popeza ndi woboola mitengo, amabisala m'mizati, m'nsungwi za nkhokwe ndi m'zitsononkho, kudikira zokolola zatsopano. Nyengo yotentha amakhwima kuchokera ku dzira pasanathe mwezi.

Zoyenera kuchita

Alimi atonole chimanga ndi kuchiumitsa bwino asanachisunge. Asese mosungira, atenthe zotsalira za chaka chatha, ndipo achotse mitengo yofumbwa. Pogula mankhwala awerenge ngati alembedwa kuti amapha nankafumbwe wamkulu, pakuti ena amangopha wamba uja. Matumba osalowa mpweya, monga a PICS, ndi nkhokwe zachitsulo zimathandiza, bola matumbawo asagunde pansi kapena khoma.

Amalonda ayang'ane matumba, mathandala ndi galimoto asanapakire, chifukwa kachilomboka kamafika kutali kudzera mu katundu.

Aliyense wopeza kachilombo komwe sakukadziwa aike tingapo m'kabotolo kotsekeka bwino, alembepo malo, tsiku ndi mbewu kapena mtengo umene kanapezekamo, n'kukapereka kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, amene angatumize ku malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze kapena Bvumbwe.