Kumene Makina Akuda a Telala wa Pakhonde Anachokera

Munthu amene wasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule makina osokera amapeza mitundu iwiri m'sitolo: makina akuda achitsulo, olemera, opalasa ndi mapazi, ndi makina oyera amagetsi, opepuka, osoka misoko yamitundumitundu. Atelala achikulire akafunsidwa amaloza akudawo mosazengereza, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya zaka pafupifupi 200.

Mu 1830 telala wa ku France, Barthélemy Thimonnier, analembetsa kuboma makina ake osokera, kenaka anatsegula malo ku Paris okhala ndi makina 80 osokera yunifolomu za asilikali. Atelala osoka pamanja, poopa kuti ntchito iwathera, anakhamukira kumeneko n'kuphwanya makinawo. Thimonnier anamwalira ali mmphawi mu 1857. Makina ake analinso ndi chilema: ankasoka ndi ulusi umodzi wolukana ngati tcheni, moti munthu akakoka nsonga yake msoko wonse unkamasuka.

Ku America, mu 1846, Elias Howe analembetsa makina a singano yokhala ndi diso kunsonga, pamodzi ndi ulusi wachiwiri woyenda pansi pa nsalu. Ulusi wapamwamba ndi wapansi unkakolana pakati pa nsaluyo, ndipo msoko wotere ndiwo umene wagwira zovala zambiri mpaka lero. Isaac Singer anatulutsa makina ake mu 1851, a singano yokwera ndi kutsika ndiponso kaphazi kopanikiza nsalu. Howe anam'sumira, napambana mlandu mu 1854. Atatopa ndi milandu, Howe, Singer, Wheeler & Wilson ndi Grover & Baker anagwirizana mu 1856 kuti aziphatikiza ziphaso zawo, ndipo mgwirizanowo unafika mpaka 1877.

Chimene chinakweza Singer pamwamba pa anzake chinali kagulitsidwe. Makina amodzi ankadutsa madola 100 pa nthawi imene banja wamba linkapeza madola pafupifupi 500 pachaka. Edward Clark, loya amene anali mnzake wa Singer pamalonda, anayambitsa njira yoti wogula azitenga makina atapereka zochepa, zotsalazo azilipira mwezi ndi mwezi. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kampaniyo inatsegula fakitale ku Glasgow mu 1867, ndipo m'zaka za m'ma 1880 inamanga ina yaikulu zedi ku Kilbowie, m'dera la Clydebank. Chilembo K chimene chimatsatira nambala ya makina akale, monga 15K kapena 99K, chimasonyeza kuti anapangidwira kumeneko.

Kuchigawo chino makinawa anafika ndi amishoni, amalonda ndi anthu obwerera kwawo kuchokera kuntchito. Ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, Ida Chilembwe, mkazi wa John Chilembwe, ankaphunzitsa amayi kusoka pa Providence Industrial Mission. Amuna ochokera kumigodi ya ku Joni, ku Salisbury ndi ku Copperbelt ankabwera ndi njinga ndi makina osokera, katundu wooneka ndi maso amenenso akanatha kudyetsa banja. Pamakonde a masitolo a amwenye panakhala atelala: munthu ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka kukapimitsa pakhonde pomwepo.

Itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, makampani a ku Japan anayamba kupanga makina otengera Singer 15 pamtengo wotsika. Ku India kunali Usha, ku Shanghai kunatuluka Butterfly, ndipo ambiri mwa makina awo akuda anatsata kapangidwe komweko. Fakitale ya ku Clydebank inatsekedwa mu 1980, koma makina amene inatchukitsa anafalikira koposa. N'chifukwa chake bobini, shatulo, singano ndi lamba wa makina akuda zimapezeka m'misika ing'onoing'ono, ndipo kawirikawiri cha mtundu wina chimalowa pa unzake. Wokonza makinawa amafuna sikuludiraiva, mafuta ndi khutu lakuthwa basi.

Kaunjika, amene ku Zambia amati salaula, atachuluka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, anthu ambiri anasiya kusoketsa zovala za tsiku ndi tsiku. Atelala anatembenukira ku yunifolomu za sukulu, madilesi a zitenje, zovala za ukwati ndi kuchepetsa zovala za kaunjikayo. Ntchito zambiri mwa izi zimafuna msoko wowongoka ndi wolimba, umene makina akuda amaudziwa bwino. Magetsi nawonso sakhulupirika: namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndipo madzi atachepa ku Kariba mu 2024, anthu a ku Zambia ankakhala maola ambiri mumdima. Pamasiku otere wopalasa ndi mapazi ankamaliza yunifolomu, mnzake wamagetsi atapinda manja.

Makina akuda ali ndi malire ake. Sasoka zigizagi, sakonza mabowo a mabatani popanda chida chowonjezera, ndipo sathamanga ngati makina a m'fakitale a Juki kapena Brother. Wosoka nsalu zotanuka, kapena wolandira maoda ambiri pamalo a magetsi odalirika, ali ndi chifukwa chosankhira ena. Koma wogula aliyense ayenera kuyamba wafunsa ngati zida za makinawo zimapezeka kwawoko, ndi ngati alipo wodziwa kuwakonza. Atenge chidutswa cha jinzi ndi cha nsalu yopyapyala, asoke yekha, atembenuze nsaluyo n'kuona ngati ulusi wapansi sunapotane. Azungulitse gudumu pamanja, amve ngati silikugwira kapena kugogoda, ndipo atsegule pansi aone ngati zoyendetsa zake ndi zachitsulo kapena zapulasitiki. Dzina lolembedwa ndi utoto wagolide pamutu pa makina lingathe kupentedwa ndi aliyense, koma msoko wa kuseri kwa nsalu umaonetsa mmene makinawo alili.