Loop: Momwe Kompyuta Imawerengera Mafayilo Ambirimbiri

Loop ndi lamulo la m'pulogalamu ya kompyuta louza makina kuti abwereze ntchito imodzimodzi mpaka zonse za pamndandanda zitatha. Fortran, chinenero cha mapulogalamu chimene gulu la John Backus linatulutsa ku IBM mu 1957, chinali nalo kale lamuloli pansi pa dzina lakuti DO. Masiku ano ofufuza amalidalira kwambiri potsegula mafayilo ochuluka, imodzi ikatha n'kutenga ina.

Nkhokwe ya zanyengo yotchedwa GHCN-Daily, yomwe bungwe la NOAA ku America limasunga, imaonetsa bwino kufunika kwake. Muli malo oyezera nyengo oposa 100,000, ndipo malo alionse ali ndi fayilo yakeyake. Munthu wofuna kudziwa za mvula ya chigawo chonse angachite kukalamba akutsegula pamanja. M'malo mwake amalemba mizere yochepa chabe: woyamba umasonkhanitsa mayina a mafayilo, kenaka loop imatsegula fayilo, kutapamo manambala ofunika, kuitseka n'kupita pa yotsatira. Kutapa zofunika zokhako n'kothandiza, chifukwa pulogalamu yosunga zonse nthawi imodzi ingathe kudzaza memory ya kompyuta ntchito isanafike pakati.

Posonkhanitsa mayina, olemba mapulogalamu a Python amakonda chida chotchedwa glob, dzina lochokera ku Unix wa ku Bell Labs wa m'zaka za m'ma 1970. Mu glob, kanyenyezi (*) kamaimira zilembo zilizonse, motero MI*.dly amakoka mafayilo onse oyamba ndi MI, zilembo zoimira Malawi m'nkhokweyi. Apa pali msampha. ZA m'nkhokwe imeneyi ndi Zambia, pomwe pa intaneti zilembo zomwezo zimaimira South Africa. Loop sifunsa; imawerenga chimene yapatsidwa.

M'kati mwa mafayilo mulinso mbuna. Tsiku lomwe sipanayezedwe kanthu limalembedwa -9999, ndipo mvula ya mamilimita 25 imalembedwa 250. Woiwala zimenezi amalakwitsa pa fayilo iliyonse mofanana, ndipo kufananako n'kumene kumabisa cholakwacho.

Koma vuto lodetsa nkhawa kuposa onse ndi la ndondomeko ya mafayilo. Chida cha glob sichilonjeza kuti mayina abwera motsatira alifabeti. Chimawapereka monga momwe kompyutayo yawandandalikira. Mu 2019 ofufuza a ku University of Hawaii, akuunika mankhwala ochokera ku tizilombo totchedwa cyanobacteria, anadabwa kuona pulogalamu imodzi ikutulutsa mayankho osiyana pa makompyuta osiyana, deta ili yomweyo. Pulogalamuyo inafalitsidwa mu 2014 m'magazini ya Nature Protocols, ndipo akatswiri ambiri a chemistry ankaigwiritsa ntchito. Inkawerenga magulu awiri a mafayilo n'kumawaphatikiza awiriawiri, poganiza kuti woyamba wa gulu ili ndi mnzake wa woyamba wa gulu linalo. Pa makompyuta ena zinkatherekadi. Pa ena mafayilo ankasemphana, nambala yolakwika n'kutuluka popanda chenjezo lililonse. Ofufuza a ku Hawaii aja anafotokoza zimenezi m'magazini ya Organic Letters mu 2019, ndipo njira yothetsera vutoli inali kungosanja mayinawo loop isanayambe.

Kusanjako nakonso kumafuna maso. Kompyuta imayerekeza mayina chilembo ndi chilembo, choncho mvula10.csv imatsogola, mvula2.csv n'kubwera pambuyo. Odziwa ntchitoyi amalemba 02 m'malo mwa 2, ndipo deti amayambira chaka, kenaka mwezi, n'kumalizira tsiku, monga 2019-10-08.

Chizolowezi china choyenera kuchitengera ndi chowonjezera dzina la fayilo pa mzere uliwonse wa deta. Ogwiritsa ntchito pandas, chida chimene Wes McKinney anayamba kulemba mu 2008, amachita zimenezi asanalumikize matebulo onse kukhala limodzi ndi lamulo la concat. Nambala yokayikitsa ikaoneka pakati pa mizere mamiliyoni, amadziwa fayilo yoti akaitsegulenso.