Ulendo wa Msenga Wofuna Ndalama za Msonkho

Pamene Boma la Kampani linaika msonkho wa nyumba m'caka ca 1901, amuna a dziko la Asenga, la mafumu Kambombo, Tembwe ndi Cikwa, kumene tsopano kuli boma la Chama, anasowa kopeza masheleni atatu. Cifukwa cace ambiri anayenda pansi kutsata mtsinje wa Luangwa, kunka ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo ena ananyamuka okha.

Munthu wotere anali kulawira tambala woyamba, pakuti dzuwa la m'cigwamo likakwera liribe cifundo. Pa phewa anasenza mkeka, kamphika, thumba la ufa ndi nkhwangwa. Koma cuma cace ceniceni cinali fodya wa kwao, amene anali kusinthanitsa ndi cakudya ufa ukatha. Masana anali kupuma pa mthunzi, akashembe alikumluma. Madzulo akafika pa mudzi, anayamba waomba m'manja kwa nyakwawa, nachula kwao ndi mfunda wace. Pamenepo anampatsa nsima ndi malo m'mphala. Kukamdera m'thengo, anasonkha moto waukulu kuopa mikango, nagona pambali pace.

Atayenda masabata ambiri anaoloka Zambezi pa Feira. Ena anabwerera ndi nsaru ndi ndalama; ena sanaonekenso, nachedwa macona. Cimene cinamfikitsa wapaulendoyo si mphamvu ya miyendo yace yokha ai, komanso mwambo wa m'midzi wosamana mlendo cakudya.